Perete Womaliza wa Dokotala Kathewera

Pepala lake linali lokongola, ndipo kukongolako ndi kumene kunayamba kumunyansa Ruth. Linali losalala ngati kalendala ya kubanki, lonunkhira inki, pamwamba pali chithunzi cha bambo ake atavala yunifolomu, masaya odzaza, chipewa chitapendekera mbali imodzi. Pansi pa chithunzicho analembapo kuti: Meja Yesaya Kathewera, dokotala, msilikali, bambo wokonda banja lake. Chithunzicho chinajambulidwa zaka makumi atatu zapitazo. Munthu amene anagona m'bokosi pakati pa siwa m'mawa umenewo anali wina, wouma ngati usipa wa pathandala, ndipo kulemera kwake Ruth ankakudziwa bwino chifukwa anakhala akumunyamula zaka zisanu ndi chimodzi.

Mapepalawo anabwera nawo Prince, mlongo wake wa ku Lilongwe, m'katoni imodzi ndi malaya osindikizidwa nkhope ya malemu. Mayi wina wa Chigwirizano ndi amene anamupatsira Ruth limodzi m'siwamo, nyimbo ili mkati. Anatsegula tsamba la mbiri. Zonse zinalimo: kumene anabadwira, kumene anaphunzira udokotala, zaka zimene anakalondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ukwati wawo ndi malemu mayi Stella, kupuma kwawo pantchito. Kenako mzere womaliza, uja aliyense pamaliro amautchera khutu, ngakhale amene anangotsatira nyama: Malemu asiya ana atatu, Prince, Elsie ndi Luka, ndi zidzukulu zisanu.

Anawerenga kawiri. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kuwerenganso. Atatu. Dzina lake anakalipeza kuseri kwa pepalalo, pa mndandanda wa othokozedwa, pakati pa obwereketsa matenti ndi a zokuzira mawu: mayi Ruth, amene ankasamalira malemu podwala.

Sanalire. Chimene anamva ndi mseru, uja umabwera ukavundukula mphika wa ndiwo zosasa.

Nkhani ya Ruth ku Lifuwu inalibe chinsinsi. Mu 1988 sitima ina inaphulitsidwa pa njanji ija, ndipo a Dokotala ndi mnzawo wonyamula machira, Haruna, potembenuza anthu kuti aone amene akupumabe, anapeza kamtsikana ka zaka ngati zitatu katakhala pansi pa bogi, katagwira mwendo wa mayi ake amene anali atazizira kale. Anafunsa m'midzi, anafunsa m'misasa ya othawa nkhondo, mwini wake sanapezeke. Atapatsidwa tchuthi, a Dokotala anabwera nako atakafunditsa jekete, n'kukaika pamiyendo pa mkazi wawo amene anali atatha zaka ziwiri pabanja wopanda mphatso. "Mayi, woyamba wathu ndi uyu," anatero. "Ena akabwera adzamupeza." Ndipo anabweradi, motsatizana, ngati kuti ankangodikira wina awatsegulire chitseko.

Atapuma usilikali, ana akadali aang'ono, a Dokotala anadzamanga kwawo kwa mkazi wawo, Meja wathunthu kukhala mkamwini, anthu akuseka chamumtima. Kusekako sikunakhalitse. Khonde la nyumba yawo linasanduka chipatala chosalembedwa: asodzi ochokera ku Mbenji mbedza itakola m'chala, ana okodza magazi, alimi a kusikimu ya mpunga atadzitema ndi zenga, amayi oti nthawi yakwana galimoto kulibe. Ankawathandiza onse akuwakalipira, chifukwa munthuyo sankatha kumanga bala osalalata. Akatha ankafunsa ngati wodwalayo wadya.

Kunkhondo kuja anabwerako ndi chizolowezi chimodzi chimene sichinawachoke mpaka imfa. Tsiku lina ananyamuka pamalo ena mothamanga osawerenga ovulala, ndipo msilikali wina wachinyamata anatsala m'udzu. Pamene ankabwerera kukamutenga anapeza miimba itayamba kale kuzungulira. Kuyambira pamenepo sananyamukenso paliponse osawerenga anthu awo, ndipo anthu awo tsopano anali ana. M'mawa uliwonse sikisi koloko wezulo inkalira pakhonde. Ana pamzere, manthongo akadali m'maso.

"Werengani!"

Ruth ankayamba: "Wani!" Prince: "Thuu!" Elsie: "Firii!" Luka, amene anayamba kuyankha asanadziwe n'kuvala kabudula komwe: "Folo!" Akatha, Wani ankaponda sitepe imodzi kutsogolo n'kupereka lipoti: "Tonse tilipo, adadi." Lamulo linali limodzi lokha, palibe kudumpha. Thuu akachedwa m'bulangete, Firii sankatsegula pakamwa, ndipo phala linkazizira onse akuliyang'ana. Ankawawerenga pa depoti ya basi, potuluka m'tchalitchi, pochoka kunyanja kosamba. Mudzi wonse unawadziwa manambalawo, moti mpaka lero kuli nkhalamba zina ku Lifuwu zimene dzina la Prince sizilidziwa, zimangoti Thuu wa a Dokotala.

Mayi Stella atadwala, a Dokotala ndi amene ankawaphikira, kuwasambitsa ndi kuwapesa tsitsi, amuna anzawo akunong'onezana kuti mkuluyo anadyetsedwa khuzumule. Atamwalira, Loweruka lililonse ankapita kukasesa pamanda. Patatha zaka zitatu sitiroko inawagwetsa m'munda wa mpunga. Dzanja ndi mwendo wa kumanja zinafa, pakamwa panapotoka. Ruth anasiya uphunzitsi n'kubwerera m'chipinda chake cha pautsikana. Anaphunzira kuwatembenuza pafupipafupi kuti msana usachite zilonda, kuwasintha thewera osawayang'ana kumaso, ndi kuyanika nsalu kuseri kwa bafa kuti odutsa pamsewu asawerenge kuti lero zachapidwa zingati.

Enawo? Luka anali ku Joni ndi mapepala osalongosoka, koma ankalira pa foni, ndipo Ruth anamukhululukira. Elsie wa ku Blantyre ankatumiza mavesi. Prince, amene kuchokera kwake kufika ku Lifuwu ndi ulendo woti unyamuka m'mawa n'kukadyera nkhomaliro kwanu pobwerera, anabwera katatu pa zaka zisanu ndi chimodzi. Katatu konseko anaima pakhomo pa chipinda, kampango pamphuno, n'kufunsa ngati m'nyumbamo mulibe mankhwala opopera.

Koma perete sanathe. M'mawa uliwonse a Dokotala ankaloza wezulo ndi dzanja lamoyolo, Ruth n'kuwaimbira. "Welengani," ankatero ndi lilime lolemera. Ruth ankayankha ali pakhomo kuti "Wani," kenako n'kubisala kuseri kwa chitseko, kukulitsa mawu kuti "Thuu," kuwachepetsa kuti "Firii," kuwakweza kuti "Folo," n'kubwera pambali pa bedi. "Tonse tilipo, adadi." Kaya ankadziwa kaya ayi, Ruth sanafunsepo. Masiku ena ankangoyang'anitsitsa chitsekocho nthawi yaitali asanalandire phala.

Ndiye lero atatu.

Anatuluka m'siwa pepala lili m'manja. Anakamupeza Prince pansi pa mtengo wa mango, atavala suti yakuda kunja kukuwotcha chonchi mwezi wa Okutobala, akuuza wojambula kanema poti aime kuti alendo aoneke bwino. Matenti anali awiri. Yaikulu, ya mipando yovekedwa nsalu zoyera ndi madzi a m'mabotolo, inali ya mabwana a kuntchito kwake ndi apongozi ake. Inayo inali yong'ambika pakona, ndipo asodzi anaisiya n'kukadzikhalira pamchenga.

"Prince, tabwera kuno."

"Ndili bize, Ruth."

Kale ankamutchula achemwali. Uchemwaliwo unatha chaka chimene anagula galimoto.

"Tandiwerengera apa," anatero Ruth, chala chili pa mzere uja.

Prince sanayang'ane n'komwe, ankaudziwa pamtima. Anamukokera kuseri kwa galimoto yake n'kutsitsa mawu.

"Tamvera, usazitengere kumtima. Ine ndaganizira dzina la adadi. Lero kukubwera anthu akuluakulu, anthu osadziwa za pakhomo pano. Akamva kuti munthu anakwatira mu eyite sikisi, mwana woyamba ndi wa eyite faifi, komanso anachokera naye ku Mozambique, ukuganiza aganiza chiyani? Asilikali mbiri yawo umaidziwa. Tiyambe kufotokozera aliyense za sitima pamaliro? Munthu tamulemba kuti wokonda banja lake, tisamupakenso matope."

"Matopewo ndiye ine."

"Sindinatero ayi. Ndiponso dzina lako lilimo, taona kuseriku. Ndinachita kulimbana ndi osindikiza kuti alipezere malo."

"Pamodzi ndi a matenti."

"Pepala ndi pepala basi, Ruth. Mumtima tonse tikudziwa."

"Elsie ndi Luka analiona?"

"Ndinawatumizira pa foni. Palibe anatsutsa."

Ruth anatembenuka. Elsie anali chapafupi pomwepo m'diresi lakuda ndi magalasi akuda, ndipo maso awo atakumana, foni yake inangoti yamufuna mwadzidzidzi. Buti ya galimoto inali yotsegula. Munali nkhata zitatu za maluwa a pulasitiki, ndipo yaikulu kwambiri inali ndi kansalu kolembedwa ndi zilembo zagolide: Kuchokera kwa mwana wanu woyamba. M'thumba la pachifuwa la suti ya Prince munkasuzumira kampango koyera, kopindidwa bwino. Ruth anakazindikira. Malovu anadzaza m'kamwa mwake, ndipo akanapanda kukhala maliro a bambo ake akanalavula pomwepo. Anawameza n'kulowera kumene amayi ankaphika.

Kumeneko ndi kumene anamupeza Sajeni Haruna, yemwe uja wa machira. Tsopano anali nkhalamba yotsimphina, yoti itapuma usilikali inabwerera ku ukonde, ndipo Lachisanu lililonse ikatuluka mumzikiti inkabwera kudzameta ndevu a Dokotala. Lero anavala mkanjo woyera ndi kofiya, mamendulo atatu atawabaya pachifuwa ndi mapini a thewera. Pepala lija analipinda kanayi ngati chinthu chofuna kutaya.

"Mwana wanga, ndaliwerenga," anatero. "Astaghafirullah. Ine ndi manja awa ndinakukoka pansi pa bogi, iwe ukundiluma chala. Chipsera chake si ichi? Lero akundiuza kuti ndinakoka wantchito."

"Zisiyeni, ankolo. Sindikufuna phokoso pamaliro a adadi."

"Phokoso akulifuna ndani? Andipatsa mphindi ziwiri kumanda kuti ndilankhule m'malo mwa asilikali akale. Mphindi ziwiri! Munthu ndinadya naye nyemba zosapsa zaka zinayi." Anatsokomola, n'kuyang'ana chitenje cha Ruth. "Wezulo ija ili kuti?"

Inali yomangidwa pansonga ya chitenjecho. Anaimangapo m'mawa umene bambo ake anatsirizika, osadziwa kuti akuisungiranji.

"Mukufuna mutani nayo?"

"Ine ndikangoitana. Kuyankha ndi kwako. Ukakhala chete, ndikachita sawatcha n'kukhala pansi, ndipo pepala ili ndilo likhale mbiri. Zidzukulu zija zikadzakula zidzawerenga lomweli, ine ndi iwe kulibe. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, mayi."

Ruth anamasula mfundoyo pang'onopang'ono n'kuwapatsa wezuloyo. Sanalonjeze kanthu. Mumtima mwake munali kamawu kena kamene kanakhalamo kuyambira ali kusukulu, tsiku limene mnzake wina anamutchula wotola, ndipo kamawuko kankanena kuti mwina Prince sanalakwe. Magazi si ake. Analeredwa, anaphunzitsidwa, wabweza. Nanga afunenso chiyani? Akaimirira pagulu n'kukuwa, anthu a m'tenti yaikulu adzati wayamba kale kulimbirana za masiye. Zimenezi zinamunyansanso, ndipo tsopano sankadziwa kuti amene akumunyansa kwambiri ndi Prince kapena mwini wake.

Mwambo unayamba dzuwa lili paliwombo. Ruth sanapite pa mipando ya anamfedwa, pakuti mipandoyo inali itatu ndi ya akazi ndi amuna awo. Anakhala pansi pakati pa amayi a m'mudzi. Analankhula a kumpingo, analankhula oimira mudzi, analankhula bwana wina wa ku Lilongwe amene a Dokotala sanawaonepo, ndipo dzina lawo analilakwitsa kawiri. Kenako Prince anatenga chokuzira mawu. Kulankhula amatha mwana ameneyu, zimenezo tisamuchotsere. Ananena za wezulo osanena za manambala. Ananena kuti matenda a bambo awo anawagwirizanitsa monga banja, kuti usana ndi usiku anali nawo pafupi, kuti mawu awo omaliza sadzawaiwala. Pamenepo mawu ake anasweka, anatulutsa kampango kaja n'kupukutira misozi, wojambula akuyandikira.

Mawu omaliza ake ati? A Dokotala anamwalira Lachiwiri cha m'ma teni, supuni ya phala ili pamlomo, ndipo foni ya Prince inaitana osayankhidwa mpaka madzulo chifukwa anali pa msonkhano. Ruth anawerama n'kuyang'ana nyerere zimene zinkakoka njere ya mpunga pafupi ndi phazi lake.

Mbiri anawerenga ndi woyendetsa mwambo, mnyamata wa tayi wobwera ndi Prince yemweyo. Atafika pa mzere uja, "asiya ana atatu," m'tenti yaikulu anthu anangogwedeza mitu mwachisoni. Koma pamchenga panamveka kung'ung'udza ngati njuchi zaputidwa. Gogo wina wogontha, amene sadziwa kunong'ona, anafunsa mnzake mokweza: "Atatu? Winayo wamwalira liti?" Woyendetsa mwambo anaitanitsa kwaya mofulumira.

Manda anakumbidwa pambali pa chiliza cha mayi Stella. Adzukulu, motsogozedwa ndi Jameson, anali atayamba kukumba kusanache m'dothi la mchenga limene limagumuka ukangolitembenukira, ndipo anali okwiya kale chifukwa Prince anabweretsa makina otsitsira bokosi, ngati kuti iwo manja alibe. Anaima pambali atatsamira mafosholo. Bokosi linatsika lokha pa malamba obiriwira. Asilikali achinyamata amene anabwera kudzapereka ulemu anawombera m'mwamba katatu, makanda analira, akhwangwala anabalalika m'mitengo. Ruth anaima kumbuyo kwenikweni, dzanja lili pa chiliza cha mayi ake, simenti ikumuwotcha chikhatho.

"Tsopano ana atatu a malemu adzaponye dothi," anatero woyendetsa mwambo. "Koma poyamba, mwachidule chonde, a Sajeni Haruna."

Prince, Elsie ndi Luka, amene anali atakwanitsa kubwera kuchokera ku Joni, anali ataima kale pamphepete pa manda. Haruna anafika akutsimphina. Chokuzira mawu anachikankhira kumbali ngati ntchentche.

"Ine sindidziwa kulankhula," anatero. "Munthu uyu ndinamudziwa kumalo koipa, ndipo ndinamuona akulira kamodzi kokha, tsiku limene tinasiya mnzathu m'udzu chifukwa sitinawerenge. Analumbira, wallahi, kuti sadzanyamukanso pamalo osawerenga anthu ake. Lero akunyamuka."

Anaika wezulo pakamwa. Kulira kwake kunali komwe kuja, kosasa pang'ono kumapeto, kumene Lifuwu inadzuka nako zaka zambirimbiri. Amayi ena anayamba kusisima nthawi yomweyo.

"Ana a Dokotala Kathewera! Werengani!"

Ruth sanachotse dzanja pa chiliza paja. Anali atatsimikiza kuti akhala chete, kuti mkuluyu achite sawatcha yake zithe, aliyense abwerere kwawo ndi pepala lake losalala. Kenako anamuona Prince. Anamuona akuyang'ana mabwana ake, akukonza tayi, akukoka mpweya, milomo ikuzungulira kukonzekera nambala imene sinakhalepo yake. Kumuchotsa pa pepala akanapirira. Koma kumva nambala imeneyo ikutuluka m'kamwa mmene munatuluka mabodza aja masanawa, ayi, zimenezo sakanalola.

"Wani!"

Mawuwo anatuluka okula kuposa mmene ankafunira, mawu a mphunzitsi wozolowera kalasi ya ana zana. Mitu yonse inatembenuka. Amayi anapatuka okha n'kumusiyira njira, ndipo anayenda mpaka pamphepete pa manda, chitenje chikununkha utsi, n'kuima kumanja kwa Prince pamalo pake pa masiku onse.

Prince anatseka pakamwa. Anayang'ana nsapato zake. Elsie anavula magalasi, koma sanayankhe, ndipo sakanayankha. Zaka zonse zija za phala lozizira zinali m'mafupa mwake. Firii satsegula pakamwa Thuu asanayankhe.

"Prince, yankha," ananong'ona.

Prince m'malo mwake anakodola woyendetsa mwambo ndi diso. Mnyamata wa tayi uja anathamangira chokuzira mawu. "Zikomo a Sajeni, zikomo kwambiri. Nthawi yatithera, alendo ena akubwerera kutali, ndiye tipemphe adzukulu ayambe kukwirira."

Wosauka, sankadziwa kumene ali. Kumanda adzukulu ndiwo boma, ngakhale abusa amachita kuwapempha. Jameson anazika fosholo yake mumchenga n'kukhala pansi. Anzake onse anachita chimodzimodzi, wina mpaka anavula chipewa n'kuyamba kudzikupiza.

"Bwana, ife sitikwirira munthu perete asanathe," anatero Jameson. "A Dokotala tawakumbira pabwino, pozizira, iwo sakufulumira. Kaya inu a masuti."

Haruna anali chiimire, dzanja pachipumi. Thukuta linkatsika m'ndevu zake n'kudonthera pa mamendulo. Palibe anasuntha. Ndiye gogo wogontha uja, amene tsopano anali atamvetsa nkhani yonse, anakuwa ali kumbuyo: "Thuu! Wagonanso m'bulangete kodi?"

Anthu anaseka. Kuseka pamanda, bokosi lili poyera! Ena anaseka akulira, ena anabisa nkhope m'zitenje. Bwana wamkulu wa ku Lilongwe anaweramira msodzi amene anaima naye pafupi kufunsa chimene chikuchitika, ndipo msodziyo, wokondwa kuti wafunsidwa ndi munthu wa tayi, anayamba kufotokoza zonse mokweza: sitima, bogi, jekete, matewera a zaka zisanu ndi chimodzi, ndi maulendo atatu aja. Nkhani imene Prince ankaopa kuti ifotokozedwa pamaliro inafotokozedwa, ndi zokometsera zake zomwe. Bwanayo anatembenuza pepala lake, anawerenga kuseri, n'kumuyang'ana Prince nthawi yaitali.

"Thuu," anatero Prince, mawu ake ngati a munthu wofunsa njira ya kuchimbudzi.

"Sindinamve," anatero Haruna. "Makutu awa anatha ndi mabomba."

"Thuu!"

"Firii," Elsie anayankha akulira.

"Folo!" Luka anakuwa ngati mmene ankakuwira ali wopanda kabudula, n'kugwada pamchenga, nkhope m'manja.

Prince sanachedwe kupeza pothawira. Anaona kamera ikumuloza, anatambasula manja onse awiri n'kutembenukira kwa Ruth, nkhope itakonzedwa kale. "Achemwali," anatero mokweza kuti a m'tenti yaikulu amve, "osindikiza aja atilakwira kwambiri." Fungo la mafuta ake onunkhira linamufika Ruth pamphuno lisanafike dzanja. Uchemwali wabwerera lero, pamaso pa kamera. Ruth anamulambalala mmene umalambalalira chimene galu wasiya panjira.

Aliyense wa ku Lifuwu ankadziwa kuti perete sanathe. Chatsala ndi lipoti. Ruth anaponda sitepe imodzi kutsogolo, mchenga wina n'kugumukira m'dzenjemo. Anayang'ana bokosi lonyezimiralo, lokongola kuposa bedi limene munthuyo anagonapo zaka zonsezi. Mawu amenewa anawanena m'mawa uliwonse kwa zaka zisanu ndi chimodzi ali bodza, ndipo ankatuluka mosavuta, akumwetulira. Lero kwa nthawi yoyamba anali oona, anayi onse ali pamzere, koma woti awamve analibenso makutu.

"Tonse tilipo, adadi."

Haruna anatsitsa dzanja. Ruth anawerama, anatapa dothi lodzaza chikhatho n'kuliponya, ndipo linamveka kugwa pa bokosilo. Enawo anadikira mpaka iye atawongoka, kenako anatapa lawo motsatana, monga mwa manambala. Jameson anadzuka, anasasa mchenga kumatako n'kuzula fosholo yake.